Maoda M'mutu, Moni Panjira

Tsiku la foni, chaka chino

Uthenga unandipeza ndikupeta mpunga pakhonde, dzuwa lili paliwombo, nkhuku zikundizungulira ngati ndine mayi wawo. Foni inalira m'chitenje. Anali Chimwemwe, mwana wanga wachisamba, amene amagulitsa kaunjika ku Lilongwe. Sanandipatse n'komwe moni, anangokuwa: "Amayi! Adokotala aona chithunzi cha mutu wanu. Akuti si matenda a agogo aja ayi. Akuti ndi ukalamba basi!" Lichero linagwa, mpunga uli balala, nkhuku zinachita ukwati. Nthungululu inatuluka yokha, ndinavina foni ili m'manja mwana akulankhulabe. Ee, ndinavina ine, ndinavina! Mwendo wa nyamakazi unaiwala kuti ndi wa nyamakazi. Si matenda a amayi, si matenda a amayi, ndi ukalamba chabe, ukalamba wa aliyense!

Mudzadabwa, ana anga ndi inu adzukulu, kuti munthu angavinire bwanji ukalamba. N'chifukwa chake ndakhala pansi ndi cholembera, ine Nachisale amene sukulu ndinaisiyira pakhomo, zilembo n'kudzazitola ndili mayi wa ana ku sukulu ya kwacha. Ndilemba pang'onopang'ono monga ndimayendera. Ndikufuna mudziwe ntchito imene mutu uwu unagwira, mmene unayambira kutaya katundu panjira, ndi chimene ndinkaopa zaka zonsezi osauza munthu.

Ku Khombedza, matipate asanabwere

Ntchito yanga yoyamba inali ku Khombedza, m'nyumba yodyera ya Anagama, pafupi ndi pamene magalimoto ankaima. Bambo anu anali msodzi. Nyengo yosodza ikatsegulidwa ankawoloka kupita kuchilumba cha Mbenji, kumene mkazi saponda, ine n'kutsala ndi mwana kumsana, m'dengu mulibe ufa. Anagama anandilemba yotsuka mbale. Anali mayi wathupi, mawu ngati hutala ya lole, wotsina khutu ngakhale munthu wapabanja pake. Tsiku lina woperekera zakudya anathawa ndi kondakitala, ndipo Anagama anandiyang'ana ndili m'thovu mpaka m'zigongono.

"Iwe Nachisale, pukuta manjawo, kafunse anthu chimene adye."

"Mayi, ine kulemba sindidziwa."

"Wakuuza ndani kuti nyemba zimalembedwa? Mutuwo ndi wosenzera ndowa basi?"

Ndinapita. Madalaivala ankalankhula onse pamodzi, uyu nyemba, uyu usipa, uyu tiyi, wina akundifunsa ngati ndili ndi mwamuna. Pofika kukhitchini theka linali litagwera panjira. Ndinabwerera kukafunsanso, anandiseka, ndinakalirira kuseri kwa mulu wa nkhuni. Mawa lake ndinachita zimene tinkachita pamtondo kwathu ku Maganga, pamene za mumtima tinkaziika m'nyimbo kuti munsi ugwe bwino. Ndinayang'ana munthu aliyense, n'kumupatsa chizindikiro chake, n'kumuimba chapansipansi:

Wachipewa, nyemba ndi mpunga, ee,
wandevu, usipa, tsabola wambiri,
wadazi, tiyi, shuga asachepe,
asachepe, asachepe, mayi!

Nyimbo inafika kukhitchini yathunthu, osadontha. Kuyambira pamenepo tebulo lililonse linali ndi nyimbo yake, ili ya kutchalitchi, ili ya pamtondo, ili ya chintali. Anagama sankayamikira munthu, koma tsiku lina ananditsina khutu mofatsa n'kunena kuti, "Iwe ukadzaleka kuimba ndidzadziwa kuti wafa." Iwo ndi amene anayamba kufa, nyumba yodyera inasanduka golosale, ine ndinamanga mtolo.

Ku Senga Bay, chaka cha matipate

Ndinalowa pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, dzina lake ndilisunga. Bwana wake tinkamutchula Chisoti, chifukwa chisoti sankachivula ngakhale pakudya. Ankakalipa m'mawa, masana n'kuiwala, koma mbale ikasweka sankaiwala. Chingerezi sindinkachidziwa, koma nyimbo sisankha chilankhulo. Mlendo akanena zake ndinkangozitola mmene zamvekera, fishi eni tchipisi, chikeni kare, n'kuzikhazika m'nyimbo pakati pa chambo chowotcha ndi mpunga, n'kukazitula kwa wophika. Wophikayo anali Che Yusufu, Msilamu wa m'mudzi wa asodzi, wamtali ngati mlongoti, woseka ndi mapewa. Iye ndiye anandipatsa dzina. Akandiona ndikubwera milomo ikuyenda ankakuwa, "Khalani chete anyamata, wayilesi yafika! Wayilesi, tsegulani!" Ine n'kutsegula, iye n'kumagogoda mpeni pathabwa ngati ng'oma.

Muyenera kumvetsa mmene malowo anamangidwira, pakuti nkhani yanga yonse yagona pamenepo. Alendo ankadyera m'chisakasa chaudzu pamchenga, pafupi ndi madzi. Khitchini inali kutali kumbuyo, kuti utsi usawafike. Pakati panali kanjira kodutsa kochapira, kodutsa m'maluwa, kodutsa pageti laling'ono lolowera ogulitsa nsomba ndi tomato. M'kanjira kameneko simunkasowa munthu, ndipo kwathu kuno munthu sadutsidwa ngati chitsa. Mwadzuka bwanji, tadzuka kaya inu, nanga kunyumba, nanga ana, nanga odwala aja agona bwanji. Akakhala wamkulu uime, upinde bondo, uwombe m'manja, udikire amalize. Ine zonsezo ndinkazichita maoda a matebulo angapo ali m'mutu. Munali ngati zipinda ziwiri. M'chipinda china ndinkalonjerana ndi anthu, m'chipinda china nyimbo inkadziimba yokha, kundidikira. Ndikamaliza moni ndinkangotsegula chitseko, n'kuipeza ili pomwe ndinaisiya. Sindinkadziwa kuti chimenecho ndi chuma. Ndinkayesa mutu wa munthu umakhala choncho mpaka kumanda.

Zinali zaka zokoma, ee, zinali zaka zokoma. Thileyi paphewa, epuloni yoyera, phazi lopepuka pamchenga wotentha. Ndi thileyi imeneyo ndinakuphunzitsani sukulu imene ine ndinaisowa. Bambo anu atapita ndi chifuwa, thileyi yomweyo inakhala bambo wanu.

Chaka cha njala

Chaka chimenecho ndinkanyamula mbale za nyama yotsala kukataya, anthu akuyang'anira pampanda, ndipo lamulo la Chisoti linali lakuti wantchito asatuluke ndi kanthu. Koma si njala imene ndikufuna kulemba. Ndi amayi anga, Anambewe, agogo anu.

Anayamba ndi kuiwala pamene aika khasu. Tinaseka. Kenaka anayamba kufunsa kuti bambo abwera liti, bambo amene tinawaika m'manda ine ndili namwali. Kenaka ankateleka mphika wopanda madzi, ankanditchula achemwali, ankamanga katundu masana kuti akupita kwawo ali pakhomo pawo pomwe. Tsiku lina m'mawa anapezeka m'munda wa chinangwa wa a Kachingwe, oyandikana nafe, alibe chitenje. Chinangwa chaka chimenecho chinkalonderedwa ngati mwana, ndipo anthu anjala safuna kufotokozeredwa, amafuna woti amuloze chala. Mfuu inamveka: "Mfiti yagwa m'ndege! Mfiti yagwa!" Uthenga unandipeza ndikuyala matebulo. Ndinabwereka njinga, ndinafika ndili mu yunifolomu. Ndinapeza amayi atakhala pamzere, anthu atawazinga, mchenga uli m'tsitsi, magazi ali pachipumi. Amene ndinamuona ndi maso anga akuwawaza mchenga anali Anaphiri, mkazi wa a Kachingwe, amene amayi anamuchirikiza pobereka mwana wake woyamba. Ndinavula epuloni ndi kuwafunditsa. Amayi anakweza maso, anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Moni mayi. Mwachokera kutali?"

Zonse zinali zitawathawa, dzina langa, nkhope yanga, manyazi a thupi lawo. Moni wokha ndi umene unatsala.

Kuyambira tsikulo ndikapita kuntchito tinkawamanga mwendo ndi chitenje kumzati wa khonde, kuti asakaphedwe. Anamwalira chimanga chisanache. Pamaliro anthu anali owerengeka, nyimbo zinkaimbidwa ngati zobwereka. Ndinabwerera kuthileyi ndi mwala mumtima. Ndinkadzifunsa: kodi zimenezi zimayenda m'magazi? Ndikaimba maoda n'kufika nawo onse ndinkati, lero ayi, lero ayi, mutu ukadalipo.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta

Chisoti anagulitsa malo, kunabwera mayi wachitsikana amene tinkangoti Madamu. Sanali woipa. Analola kuti zotsala tizigawana, anatigulira nsapato. Inali nthawi ya mizere pamafilingi siteshoni, jenereta ili zii, gasi kulibe, Che Yusufu akuphikira alendo pa mbaula akutukwana makala. Zakudya zinkasintha tsiku ndi tsiku, lero nkhuku kulibe, mawa tchizi kulibe, ndiye mlendo amayamba wasankha, iwe n'kumuuza kuti zatha, iye n'kusankhanso. Apa ndi pamene ndinayamba kumva kuti china chasintha. Kale mawu akale ndinkawachotsa m'nyimbo ngati munga, atsopano n'kulowa. Tsopano akale ankakakamira. Ndinkafika kukhitchini ndi nkhuku imene ndakana ndekha kutebulo. Ndinkafika nazo zambiri ndithu, koma ndi thukuta la m'mutu. Poweruka mutu unkagunda mbali zonse ziwiri ngati ndasenza mitolo ya nkhuni, chonsecho ntchito ndi yomwe ija ndinkaigwira ndikuseka. Wayilesi ya pamalo omwera mowa ikamalira, mwana akamalira patebulo lina, zonse zinkalowa m'chipinda cha nyimbo popanda kugogoda.

Chodabwitsa, zakale zinali gwa. Mlendo amene anabwera nthawi ya Chisoti ndinkamukumbukira kuti sadya anyezi. Nyimbo ya wachipewa ndi wandevu ndikuimba mpaka lero. Zimene zinkathawa ndi za pompano, zimene munthu wandiuza ndikumuyang'ana m'maso. Ndinapirira choncho zaka zingapo, ndikuchepetsa matebulo mwakachetechete, atsikana akuyesa ndikuwapatsa mpata.

Chaka chotsatana ndi cha mliri wa zotseka pakamwa

Alendo atayambanso kubwera, tinalandira anthu a msonkhano ochokera ku Lilongwe, makadi ali lendelende m'khosi. Tebulo lalitali linagwera ine. Ndinawaimba bwinobwino, wamagalasi, wawigi, watayi wofiira, aliyense ndi chake. Ndinanyamuka nyimbo ili yodzaza mpaka m'milomo ngati ndowa. Pageti laling'ono ndinakumana ndi a Matola, malume awo a bambo anu, nkhalamba yobweretsa chambo. Munthu ameneyo ndi amene anaimira banja pa ukwati wanga. Ndikanamudutsa bwanji? Ndinapinda bondo.

"Mwaswera bwanji, apongozi?"

"Taswera, kaya inu malume?"

"Ife taswera, koma kumudzi sikuli bwino. Mlamu wanu uja mwendo watupanso. Nanga Chimwemwe akuimba foni? Nanga Limbikani ntchito anaipeza?"

Ndinayankha zonse, monga ayenera kuyankhira munthu woleredwa. Tinatsanzikana. Ndinafika pawindo la khitchini.

"Wayilesi, tsegulani!" anatero Che Yusufu, mpeni uli m'mwamba.

Ndinatsegula chitseko cha chipinda chija. Munali mbee. Ngakhale kamvekedwe ka nyimbo munalibe.

"Mabatire atha kodi?" anaseka. Ataona nkhope yanga anatsitsa mpeni. "Anachisale, mwatani?"

"Mulibe, Che Yusufu. M'mutu mulibe kanthu."

"Pitani mukafunsenso. Kufunsa si haramu. Ine ndiyamba kukazinga anyezi, aliyense amadya anyezi."

Ndinabwerera pamchenga kukafunsanso ngati tsiku lija la ku Khombedza, koma tsopano kunalibe mulu wa nkhuni wokalirira. Watayi wofiira sanakalipe. Anangoti, "Agogo, kodi palibe wachinyamata woti atithandize? Inu mukapume." Anzake anaseka pang'ono, kuseka kwachisoni. Ndikanakonda akanatukwana.

Madamu anandipatsa kabuku ka maoda monga ka atsikana. Ndinayesa. Koma dzanja langa ndi la sukulu ya kwacha: pamene ndikujambula chambo cha munthu woyamba, nkhuku ya wachiwiri yauluka kale. Ndinabweza kabuku. Ndinaganiza nzeru ina, ndipo nzeru imeneyo ndi imene inandipweteka. Ndinati, wakuba nyimbo yanga ndi moni, basi moni ndiusiye. Ndikanyamula maoda ndinkaweramitsa mutu, maso pansi, milomo ikuyenda, kudutsa kochapira, kudutsa m'maluwa, kudutsa pageti, osayankha munthu. Ndinkati ndikatula ndibwerera kudzapepesa, koma pobwerera ndinali ndi mbale zotentha, ndipo wa tomato anali atapita. Maoda anayambanso kufika athunthu. Madamu anakondwa. Ine ndinayesa ndapambana.

Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa nsalu zoyanikidwa ndinamva mawu a Anatembo, mnzanga wa kochapira, amene tinkadyera mbale imodzi.

"Mwawaona? Akulankhula okha, moni sakuyankha."

Wina anati, "Mayi awo anayambanso choncho."

"Zimenezo n'zakumtundu. Musamawasiyire ana."

Nyimbo inagwa pomwepo, ndipo sindinaitole. Lamulungu lotsatira, kutchalitchi, mayi wina anakoka mwana wake amene ankabwera kudzakhala pamiyendo panga. A Matola anatuma mawu kwa Limbikani, mwana wanga wamwamuna, akuti, "Tawalakwira chiyani amayi ako, kuti atidutse ngati galu?" Ndinaona munda wa chinangwa uli patsogolo panga, mzere wanga utakonzedwa kale. Ndinagwira njakata. Ndikapereka moni, maoda agwa, ntchito yatha. Ndikasunga maoda, ndasanduka mayi wong'ung'udza yekha wosalonjera anthu, ndipo kwathu kuno mayi wotero akakalamba dzina lake limadziwika.

Ndinapita ku ofesi ya Madamu epuloni nditaipinda m'manja.

"Amayi, khalani pansi. Masiku ano simukulakwitsa, bwanji mukufuna kupita?"

"Sindikulakwitsa chifukwa ndasiya anthu, Madamu."

"Ndikuikeni kochapira. Kumeneko kulibe maoda."

"Kumeneko kuli malilime. Ndipo manja awa ndi a thileyi. Loleni ndipite mutu ukadali wodziwa njira ya kwathu."

Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Che Yusufu anandiwotchera chambo chachikulu, anakana kuti ndidyere kukhitchini, anandikhazika m'chisakasa cha alendo, n'kundiperekera yekha. Anayesa kuimba ya wachipewa ndi wandevu, mawu ngati chitseko cha dzimbiri. Kenaka anati, "Nanga ine ndizimvera wayilesi iti? Atsikanawa amangondiponyera timapepala ngati ndine positi ofesi." Tinaseka, misozi ili chuchuchu. Potuluka ndinalonjera aliyense wa m'kanjira kaja, mmodzimmodzi, bondo lopinda, mpaka Anatembo. Panalibenso chimene ndikanagwetsa.

Ku Maganga, ndi ulendo wa ku Lilongwe

Kupuma pantchito sikunachotse mwala uja. Ndinkalowa m'nyumba n'kuima pakati, osadziwa chimene ndadzatenga. Ndinkathira mchere m'ndiwo, wina n'kuodira panja, pobwerera n'kuthiranso. Chilichonse chotere ndinkachiyeza ndi amayi: kodi iwo anayamba chonchi? Ndinayamba kuyang'ana mzati wa khonde. Tsiku lina ndinauza Limbikani kuti, "Ikadzafika nthawi, udzamange mwendo wamanzere, wamanjawu uli ndi nyamakazi." Mwana anatuluka, anakaimbira foni mlongo wake. Chimwemwe anabwera ndi minibasi, sanandifunse maganizo, anangoti, "Amayi, valani, tikupita."

Kuchipatala chachikulu tinapeza dokotala wachinyamata wamagalasi. Anandifunsa ntchito imene ndinkagwira, tsiku, dzina la mudzi, maina a adzukulu, zimene ndinadya dzulo. Zonsezo ndinayankha. Kenaka anandiuza mawu angapo kuti ndisunge. Ndinawaika m'nyimbo msangamsanga. Iye anamwetulira nati, "Kodi ku Salima mvula yagwa bwanji chaka chino, amayi?" Ndinamuyankha mwaulemu, za mpunga, za madzi amene analowa m'minda. "Chabwino, mawu aja anali ati?" Ndinapeza awiri okha, ena atapita ndi mvula. Ndinagwira chitenje kumaso. Ndinati, "Adokotala, musandibisire. Amayi anga anaiwala zonse, anafa ali omangidwa kumzati."

Anakoka mpando nayandikira. Anati, "Amayi, mutu uli ndi nkhokwe, ulinso ndi thileyi. Nkhokwe imasunga zakale. Thileyi imanyamula za pompano, kuchokera patebulo kukafika kukhitchini. Munthu akamakula thileyi imachepa. Wachinyamata amainyamula ndi dzanja limodzi. Wachikulire ubongo wake umaitana mbali zina kuti zidzathandize, umagwira ndi manja awiri katundu yemwe uja, ndiye katundu akachuluka palibenso dzanja lotsala. Ndipo mlonda wa pakhomo, woletsa phokoso kulowa, naye amakalamba. Wina akangokulankhulitsani, thileyi yapendama. Zimenezo zimachitikira anthu ambiri, si matenda. Matenda a mayi anu ndi ena, amenewo amaboola nkhokwe yeniyeniyo. Ndi matenda a ubongo, monga chifuwa chili matenda a m'mapapo."

"Si ufiti?"

"Si ufiti, amayi. Sunakhalepo ufiti."

"Nanga ine, ndi thileyi kapena nkhokwe?"

"Ndikuganiza kuti ndi thileyi, koma ndisakuuzeni zongoganiza. Tiyeze magazi, tijambule mutu, tidzakuuzani."

Anandilowetsa m'chimakina chozungulira, ndinagona ngati mtembo ndikuimba chamumtima. Ndinabwerera ku Maganga kukadikira. Masabata amenewo sindinkagona tulo tabwino, sindinkaimba, ndinkangolonjera anthu mokweza kuti amve kuti ndikadalipo.

Loweruka la chikondwerero

Ndiye foni ija inalira, lichero linagwa. Nditatopa kuvina ndinamufunsa Chimwemwe kuti anenenso bwinobwino. Anati magazi ali bwino, chithunzi chili monga cha munthu wa msinkhu wanga, nkhokwe si yobooka ayi. Anatinso adokotala akufuna ndidzapitenso chaka chamawa, chifukwa za kutsogolo salonjeza. Mawu amenewo ndinawamva, sindinawataye. Lero si matendawo, za mawa adziwa ndi Mulungu. Thileyi yanga sidzakulanso, ku chisakasa kuja sindidzabwererako, ndipo mzati wa khonde ukadali pomwepo. Koma ndinavina, pakuti munthu amavinira mvula ya lero.

Nthungululu inaitana anthu, nkhani inayenda, Loweruka bwalo linadzaza. Ndinalonjera aliyense mpaka kumapeto kwa moni, kunyumba, ana, odwala, mbuzi zomwe. Pakati pa anthu ndinaona Anaphiri, atakalamba, atakhala kumapeto kwa mphasa. Ndinaimirira n'kunena mokweza zimene adokotala ananena, osati za ine, za amayi: kuti anali matenda a ubongo, monga chifuwa chili matenda a m'mapapo. Anaphiri sanakweze maso. Anatola lichero langa pakhonde n'kuyamba kupeta mpunga umene nkhuku zinasiya, anapeta mpaka kutha, misozi ikugwera momwemo. Sindinawaletse.

Tsopano ndiwaimbe amene anabwera, ndiwaimbe ndisanawagwetse.

Anabwera Che Yusufu panjinga, ee, ndi chambo m'dengu, anangoti Alihamudulillahi, wayilesi yakonzedwa. Anabwera Abiti Saidi mkazi wake, ndi mandasi m'beseni. Anabwera a Matola, ndodo kutsogolo iwo pambuyo, ndinawagwadira mpaka bondo linalira. Anabwera Anatembo wa kochapira, maso pansi, ndi sopo m'manja. Anabwera Chimwemwe wanga, anabwera Limbikani wanga ndi mkazi wake Nasimango. Anabwera adzukulu, Takondwa, Pemphero ndi Yamikani, anakhala pamiyendo panga popanda wowakoka. Anabwera a Jekapu akumpingo, anabwera Anabanda a mvano ndi Anazimbiri a nthungululu yakuthwa. Anabwera a Kachingwe, anabwera Anaphiri. Anabweranso mayi wina wachitenje chobiriwira, anabweretsa nthochi, dzina lake ndinali nalo poyamba mzere uno, koma wina wandiodira kumsewu ndipo ndayankha. Andikhululukire, linali pathileyi.

Ndipo mmodzi sanabwere, koma ndimulemba pamodzi ndi ena, pakuti chikondwererocho chinali chakenso. Dzina lake lili m'nkhokwe, pansi penipeni, silinagwe. Firida Nambewe, amayi anga, wodwala, wopereka moni.